Kathumba ka Bafuta

Fadila anabwera ku sukulu ya mmera mpoyamba mvula ili pakati, atagwira nsonga ya chitenje cha amayi ake. Anali mwana wa zaka zinayi, woonda m'khosi, wa maso aakulu. Amayi akewo, a Jamila, anamukhazika pamkeka pakati pa ana ena, kenako anaitanira mlezi wa anawo, Getrude, kuseri kwa chisakasa.

"Madamu, mwanayu sayankhula."

"Chibadwire?"

"Iyayi. Ankalongolola ngati wailesi ameneyu. Chimwalirire mnzake uja, kukamwa kunangotsekeka. Kuchipatala amuyeza, akuti alibe matenda. Akuti ndimuike pa ana anzake, mwina lilime lingamasuke."

Mnzakeyo anali Imran, pakuti anabadwa mapasa. Malungo anamutenga mvula itangoyamba, bambo awo Che Swalehe ali kutali pakati pa nyanja ya Chilwa, kusaka matemba omwe chaka chimenecho ankavuta. Getrude anapitako ku malirowo monga mnansi aliyense. Anakhala panja ndi amayi anzake a ku tchalitchi, anathandiza kutunga madzi, anaona amuna akutuluka ndi jeneza, chonyamulira maliro chofunditsidwa nsalu, n'kulowera kumanda. Za m'nyumba sanazione.

"Musiyeni," anatero Getrude. "Tiyesa."

Anayesadi. Anamuumbira ng'ombe za dongo, anamuika patsogolo poyimba, anamukhazika pamiyendo pake pa nthawi ya phala. Fadila ankadya akamugwiritsa supuni, akapanda kutero phala linkazizira m'kapu. Tsiku lina kamnyamata kovuta dzina lake Edwadi kanamulanda kapuyo. Getrude anadikira dala kuti mwina alira, koma mwanayo anangoyang'ana manja ake. Masana aliwonse a Jamila akabwera kudzamutenga sankafunsa ndi pakamwa. Ankangoyang'ana Getrude, Getrude n'kupukusa mutu. Zinafika poti nthawi yoweruka ankaiopa.

Mvula itayamba kuchepa, bungwe lina linaitana alezi a m'dera la Kuntumanji ku maphunziro ku Songani. Kumeneko anauzidwa kuti mwana wamng'ono saphunzira atapinda manja, amaphunzira ndi thupi lonse. Mayi wophunzitsayo anawaonetsa za moyo wa gulugufe: kuti amayamba ngati dzira pa tsamba, n'kukhala mbozi, mboziyo n'kudzitsekera m'kathumba, pambuyo pake n'kutulukamo ili ndi mapiko. Alezi onse, ena a imvi, anakwawa pansi, anakulungana m'zitenje zamaluwa, n'kuthamanga mozungulira holo atatambasula manja. Getrude anaseka mpaka misozi. Pobwerera pa kabaza ankangoganiza za Fadila.

Vuto linali zitenje. Atapempha makolo, mayi wina anamuyankha kuti, "Changa n'chimodzi, Madamu. Ndikachapa ndimadikira m'nyumba kuti chiume. Ndiye chikakwawe m'fumbi?" Ena anaseka, palibe anapereka. Apo ndi pomwe anakumbukira nsalu ya bafuta yomwe inatsala posoka makatani a ku tchalitchi kwawo. Inali yoyera, yaitali bwino. Anaidula molingana ndi msinkhu wa mwana. Poyesa pa mdzukulu wa mnansi wake anaona kuti mwana akangopalasa miyendo nsaluyo imavundukuka, choncho anang'amba timizere m'mphepete mwake tomangira kumapazi, m'chiuno ndi pamwamba pa mutu, n'kusiya mpata pamphuno.

Wina anganene kuti akanayamba wafunsa. Koma munthu amafunsa chimene akuchikayikira, ndipo iye sankakayikira kanthu. Kwawo womwalira amavekedwa zovala zake zabwino n'kuikidwa m'bokosi. Abiti Hamisi, mayi wachikulire wachisilamu yemwe ankaphikira anawo phala, anali atapita kukadikirira mwana wawo wodwala pakati, ndipo m'malo mwawo munkaphika mtsikana wa ku tchalitchi komweko.

"Tonse mazira!" anakuwa Getrude m'mawa wa masewerawo.

Ana anadzipinda, mitu m'maondo, matako m'mwamba. Munali zii kwa kanthawi.

"Madamu, dzira la Aubrey laphwisa!"

"Ndiye kuti lavunda limenelo," anatero Edwadi mutu uli pansi.

"Mazira sayankhula. Eya, tsopano taswa! Tonse mbozi!"

Anayamba kukwawa chamimba kutuluka m'chisakasa, kulondola masamba a mbatata omwe Getrude anamwaza pabwalo. Anawauza kuti azingonamizira kudya, koma Edwadi anatafuna zenizeni n'kulavulira pamsana pa mnzake. A Gerishomo, apampando a komiti ya sukuluyo, ankadutsa pa njinga kupita ku sikimu ya mpunga ya Likangala. Anaima, phazi limodzi pansi.

"Madamu! Mbozi zatimalizira chimanga chaka chino, inu mukuweta zina kuno? Ndikatenge mankhwala ndidzapopere?"

"Tipopereni, agogo! Tipopereni!" anawo anakuwa akuwakwawira. A Gerishomo anapalasa njinga yawo akunamizira mantha.

Fadila anali pamalo pake pa masiku onse, atatsamira mzati.

Kenako Getrude anayala bafuta pamkeka. Edwadi anagonapo, anamukulunga, anamanga kumapazi, m'chiuno ndi kumutu. Anauza enawo kuti akhale mozungulira ndipo aziyimba motsitsa, poti mbozi ili m'tulo. Kanyimboko anakapeka yekha:

Dzira, dzira, gona phee,
Mbozi, mbozi, idya tsamba,
Lowa m'thumba, usayankhe,
Kwacha, gulugufe, tuluka!

Pa mawu otsirizawo anamasula timizere tija. Edwadi anadzambatuka, anagwira nsonga za nsalu m'manja monse n'kuthamanga nayo ikuuluzika kumbuyo. Bwalo lonse linali phokoso. "Ine! Ine, Madamu!"

Pokulunga mwana wachiwiri, Aubrey, Getrude anaona timapazi tili pafupi ndi bondo lake. Anali Fadila. Anali ataimirira yekha, wopanda womuitana. Anayang'anitsitsa mmene mfundo zinkamangidwira, ndipo nyimbo ili mkati anawerama n'kukhudza ya kumutu ndi chala. Aubrey atatuluka n'kuthamanga, panamveka mawu osasa, ngati a munthu wongodzuka kumene.

"Watuluka."

Getrude anazindikira kuti ndi Fadila. Sanafune kumudzidzimutsa, choncho anapitiriza kuyala nsalu ngati sanamve.

"Madamu. Watuluka."

"Ee, mwanawe, watuluka. Onse amatuluka."

"Onse?"

"Onse."

Masana amenewo a Jamila atafika, Getrude sanapukuse mutu. Mwanayo anakoka chitenje cha amayi ake nati, "Amayi, ndili ndi ludzu." A Jamila anakhala pansi pomwepo pafumbi, anavula mpango n'kubisamo nkhope. M'mawa mwake anabwera ndi milamba yowamba yokulunga m'pepala, ndipo ananena kuti atumiza uthenga kunyanja kudzera mwa ogula nsomba.

"Mwamupatsa chiyani, Madamu?"

"Palibe, mayi a Fadila. Masewera a gulugufe basi."

"Gulugufe," anatero a Jamila akuseka. "Kunyumba nyimbo yake ndi yomweyo. Kusamba, gulugufe. Kudya, gulugufe."

Masiku otsatirawo anali abwino kuposa onse omwe Getrude anawaona pa ntchitoyo. Fadila ankafika molawirira n'kukatenga yekha bafuta m'katoni. Ankayankha mafunso, ankadya phala yekha, tsiku lina anamenya Edwadi m'mutu ndi kapu, Getrude n'kulephera kumukalipira chifukwa cha chimwemwe. Chinthu chimodzi chokha ankakana: kukulungidwa. Iye ankafuna kumasula. Ankagwada kumutu kwa mnzake wogonayo, zala zili pamfundo, kudikira kuti nyimbo ithe. Getrude anangoti ndi mantha a ana.

Abiti Hamisi anabwerako Lolemba lina. Analonjerana ndi onse, ananena za mdzukulu watsopano, n'kupita kuseri kukasonkha moto. Phala lili pafupi kupsa anabwera kudzatenga makapu. Anapeza ana atakhala mozungulira, akuyimba motsitsa, pakati pawo patagona kanthu koyera, kosagwedezeka, komangidwa patatu.

Mthiko unagwa m'manja mwawo. Anadumpha ana aja ngati mtsikana, anagwada, n'kuyamba kukoka mfundo. Munatuluka Aubrey, akudandaula.

"Anganga, nyimbo sinathe!"

"Chete iwe! Madamu, n'chiyani ichi? Mwamanga ndani?"

"Ndi kathumba ka gulugufe, anganga. Mbozi ikadya imalowa..."

"Kathumba kwa inu. Pitani panja ana inu, nonse, kasewereni uko!" Anadikira kuti atuluke, kenako anatola bafuta uja n'kumuonetsa Getrude. "Iyi kwathu ndi sanda. Nsalu yake ndi yomweyi, kamangidwe kake ndi komweka: kumapazi, m'chiuno, kumutu. Munthu wathu amapita chonchi kumanda. Simunaonepo?"

"Sindinaonepo."

"Ayi, simukanaona, mumakhala panja." Anapuma mozama. "Mwana wa Jamila uja wakhala akuona zimenezi?"

"Ndi zimene zamuyankhulitsa."

Abiti Hamisi anakhala pansi. "Imran ndinamusambitsa ndine, pokhala anali wamng'ono. Ndinamanga ndine ndi manja awa. Uyu tinakamusiya kwa anansi, koma anazemba. Ndikumaliza mfundo ya kumutu, kutembenuka, ndinamuona ataima pakhomo. Kaya anaima nthawi yaitali bwanji."

Pomwepo Getrude anamva kukokedwa diresi. Fadila sanatuluke ndi anzake.

"Madamu, tiyeni mukamasule Imran. Ine ndikulephera, dothi lake ndi lolimba."

Getrude anagwira timanja tija n'kutitembenuza. M'zikhadabo munali dothi lofiira, zina zinali zothyoka. Dothi la kuno kumunsi ndi lakuda. Lofiira limapezeka pamtunda pa mitengo ya masuku, pomwe pali manda a Asilamu.

Akazi salowa kumeneko, choncho Abiti Hamisi anatuma uthenga ku mzikiti. Amuna omwe anapita anapeza kadzenje kumutu kwa kamtumbira kaja, kosazama kwenikweni, kokumbidwa ndi chigoba cha nkhono. Pambali pake panali masamba a mbatata, ena ouma, ena ofota, ena a dzulo. Mwanayo ankapitako masana aliwonse amayi ake akabwerera kumunda, akuganiza kuti akusewera ndi ana a anansi. Amunawo anakwirira, Shehe anapemphera, ndipo palibe anabwera kudzalalata kusukulu. A Gerishomo anangofika, anavula chipewa, anati masewerawo ayambe aima, n'kutenga katoni ya bafuta kupita nayo.

Getrude ankafuna kupita kwa a Jamila madzulo omwewo. Anafika mpaka pa mjigo, anaona denga la nyumba yawo, n'kubwerera.

A Jamila ndiwo anabwera, ana ataweruka tsiku lotsatira. Anamuuza Fadila kuti akatole makapu kuseri, iwo n'kukhala pamkeka, miyendo atatambasula. Maso awo anali otupa.

"Sindinabwere kudzakangana, Madamu. Simunkadziwa, ndamva."

"Pepani, mayi a Fadila. Ndilibe mawu."

"Mawu muli nawo, n'chifukwa chake ndabwera. Ine ndamuuza, akuti amayi mukunama, Madamu anati onse amatuluka. Shehe amuuza, wangowayang'ana. Abambo ake kulibe. Akumvera inu nokha. Ndiye mumuuze inuyo."

Getrude anati, "Mwina timuuze kuti tsiku lina. Inu ndi ife, tonse timakhulupirira kuti akufa adzauka."

"Tsiku la Kiyama ndikulidziwa ine. Uyu tsiku lina kwa iye ndi mawa. Mukangotero, mawa ndikamupeza komweko. Lero m'mawa ndatembenuka kuti nditsuke mbale, ndamugwirira kunjira atanyamula kakhasu kanga kobzalira."

"Nanga akasiyanso kuyankhula?"

A Jamila anayamba kutola tiudzu pamkeka.

"Mukuganiza kuti sindinaganizepo? Sabata ino ndamvanso mwana wanga akundiitana amayi. Ndikudziwa chimene ndikutaya. Koma ine ndili ndekha, munda uli pa ine, sindingamuyang'ane tsiku lonse. Kumanda kuja kuli njoka. Ndipo manda a mwana sazama, Madamu. Ikagwa mvula ina dothi n'kufewa, iye ali ndi khasu..." Sanamalize. "Muitaneni."

Fadila anabwera akuthamanga, makapu atawakumbatira pachifuwa. Anawaika pansi n'kugwira diresi la Getrude.

"Tipita lero, Madamu? Anthu ena akwirira pomwe ndinakumba. Masamba ataya."

Getrude anagwada kuti alingane naye.

"Fadila, tamvera. Imran si mbozi."

"Ndi gulugufe."

"Si gulugufe. Ndi munthu. Munthu akamwalira satuluka."

"Edwadi anatuluka."

"Edwadi sanamwalire. Ankangosewera."

Mwanayo anaganiza pang'ono. "Mukayimba."

"Ngakhale ndiyimbe."

"Mukamasula kumutu. Ine ndimasula kumapazi, ndimatha."

Getrude anayang'ana a Jamila. Iwo ankayang'ana kunja, kumene dzuwa linkawala pa minda ya mpunga.

"Ngakhale timasule, mwanawe. Ndinalakwitsa kukuuza kuti onse. Agulugufe okha ndiwo amatuluka. Imran satuluka."

"Mawa?"

"Ngakhale mawa."

Fadila anamuyang'ana kumaso nthawi yaitali, monga ana amachitira akafuna kuona ngati wamkulu akuseka. Getrude sanaseke.

"Ndiye adya chiyani?"

"Sadya, Fadila."

Mwanayo anasiya diresi lija. Sanalire. Anawerama, anatola makapu omwe anaika pansi, anawasanja imodzi mkati mwa inzake, n'kukawaika pakona pomwe amakhala. Kenako anakaima pafupi ndi amayi ake. A Jamila anadzuka, anakutumula chitenje, anati, "Zikomo, Madamu," ndipo anapita.

Sabata imeneyo Fadila anabwerabe. Ankakhala chofulatira, nkhope kukhoma la udzu. Getrude akamuyandikira ankasunthira kwina. Ana ena ankavutitsa kuti akufuna za gulugufe, ndipo Edwadi anayesa kudzikulunga mumkeka mpaka Abiti Hamisi anamuopseza ndi mthiko. Getrude anabwerera ku a, e, i, o, u, ana atakhala pamzere. Sabata yotsatira a Jamila sanamubweretse, ndipo Getrude sanatume wofunsa.

Anakumananso mpunga utayamba kucha. Getrude ankadutsa pa mlambala wa pakati pa minda masana ena, akuchokera kokagula tomato. Nyengo imeneyo dambo lonse limakhala phokoso, poti aliyense amakhala m'munda mwake kuingitsa mbalame, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. Ana amaikonda ntchito imeneyi chifukwa ndi yokhayo yomwe amaloledwa kukuwa mmene angathere. M'minda yoyandikana tiana tinkakuwa, tikuimba zitini, tikutukwana mbalamezo ndi maina a anthu.

A Jamila anali kumapeto kwa munda wawo, akugenda ndi zibuma, mawu atasasa. Chakuno kunali kansanja ka mitengo, ndipo pamwamba pake panakhala Fadila. Anamugwiritsa chingwe chomangirira zitini chomwe chinadutsa pamwamba pa mpunga, kuti azikoka.

"Fadila, waswera bwanji?" anatero Getrude.

Mwanayo sanatembenuke.

A Jamila anabwera akupukuta thukuta ndi mpango. Analonjerana mwaulemu, anafunsana za kunyumba. Anati Che Swalehe anabwera n'kubwereranso, madzi akuphwera msanga chaka chino ndipo nsomba zathawira mkati.

"Kumanda sakupitako," anatero osafunsidwa.

"Nanga kuyankhula...?"

A Jamila anapukusa mutu. Anatsegula pakamwa ngati anena zina, koma kumapeto kuja mtambo wa mbalame unali utatsika kale, ndipo anathamangira komweko akukuwa.

Getrude anatsala ataima pamlambala, jumbo ya tomato m'manja. Gulu lina la mbalame linazungulira n'kutera pansi penipeni pa kansanjako, ngala za mpunga n'kuwerama ndi kulemera kwake. Zinayamba kudya mosafulumira. Fadila ankaziyang'ana, chingwe chili m'manja, osakoka.